Mbira Yachinayi

Atauzidwa kuti apite ku Chinyonga kukafufuza za mbira zobedwa, Sajeni Ida Mulepa anayamba wayang'ana nkhope ya bwana wake kuti aone ngati akumusereula. Munthu woti anagwirapo mbava za mfuti ku Machinjiri, lero akasake tinyama todya udzu! Anzake a mu ofesi anachita kumuperekeza mpaka pakhomo, wina akumukumbutsa kuti asaiwale unyolo waung'onoung'ono. Ida anangonyamula chikwama chake n'kutuluka. Anali mayi wosachedwa kupsa mtima koma wochedwa kutsegula pakamwa, ndipo khalidwe lachiwirili ndi lomwe linkamusunga pa ntchito.

Malowo anali a kafukufuku wa mankhwala, nyumba yoyera yobisala kuseri kwa mpanda wa njerwa. Amene anamuchingamira anali Dokotala Sheila Kandaya, dotolo wa ziweto, mayi wamfupi wa magalasi. Mwezi umenewo ankaphunzitsa akatswiri atatu a kafukufuku kagwiridwe ndi kasamalidwe ka nyama za mu labu, ndipo wosapambana maphunziro akewo sankaloledwa kukhudza ngakhale mchira wa mbewa.

"Musanalowe, a Sajeni, vulani wotchi, sambani m'manja, muvale gawuni iyi. Kunsapato muvale timapulasitiki iti."

"Ine ndabwera kudzafunsa mafunso, a Dokotala, osati kudzachita opaleshoni."

"Angabwere wamkulu bwanji, amavala," Sheila anayankha osamwetulira n'komwe.

Ida anavala, mtima ukunyinyirika. M'katimo munali mozizira, mukununkhira utuchi. Makhola a pulasitiki anali ndandanda pa mashelefu, ndipo mbira zitamva mapazi zinayamba kulira kuti zipatsidwe chakudya. Khola limodzi la pafupi ndi khomo linali lopanda kanthu.

"Zasowa zinayi," Sheila anatero. "Dzulo Lamulungu m'mawa zinalipo, lero kulibe. Chitseko sichinathyoledwe. Chimatseguka ndi manambala, ndipo odziwa manambalawo ndi ineyo, bambo Hussain amene amasamalira nyamazi, ndi ophunzira anga atatu."

"Mbira zinayi mpaka kuitana apolisi? Ku Ndirande a neba angakupatseni zaulere."

Sheila anavula magalasi.

"Muno tili ndi magulu awiri. Zina ndi zophunzirira, zilibe chilichonse m'thupi, ndi zomwe ophunzira amayeserapo kunyamula ndi kuyeza pa sikelo. Zina ndi za kafukufuku, tikuzibaya mankhwala atsopano a khansa. Zasowazo ndi zobayidwa."

"Munthu atadya?"

"Wamkulu wathanzi mwina angosanza ndi kutsegula m'mimba, sitikudziwa, n'chifukwa chake tikuyesa. Koma ntchito ya mankhwalawa ndi kuletsa chinthu chimene chikukula m'thupi. Ndiye ganizirani mwana wamng'ono, kapena mayi woyembekezera."

Nthabwala zonse za ku ofesi zija zinathera pomwepo. Ida ankaudziwa mzinda wake: mu Blantyre munthu saba mbira kuti azingoiyang'ana.

* * *

Bambo Hussain, mkulu wa imvi ndi kachipewa koyera, anali atakhala pa benchi panja ngati woti waweruzidwa kale. Ankadziwa kuti pamalo pakasowa chinthu, chala chimayambira kwa amene amasesa.

"Ndi linthumbu, mayi," anayamba kufotokoza. "Dzulo m'mawa ndabwera kudzadyetsa, ndangoona mzere wakuda bii kuchoka mu ngalande kulowa m'chipinda cha m'kati, mmene mumakhala zobayidwazo. Mvula ija yalivumbulutsa. Linthumbu likalowa m'khola la mbira, walahi, mawa lake mupeza mafupa okhaokha. Ndiye ndinathamanga nazo kudzaziika pa shelefu ya pakhomoyi, zophunzirira zomwe zimakhala pamenepo ndinazisamutsira kuchipinda chosungiramo katundu."

"Pa makhola sipakhala chizindikiro?"

"Pamakhala timakadi tofiira. Koma tinali linthumbu lokhalokha, ndinatichotsa, n'kutitsuka, n'kutiyanika pawindo. Mmene ndinkaweruka tinali tisanaume."

"Anandiimbira foni," Sheila anathirapo ndemanga. "Ndinali ku maliro ku Thyolo, ndipo ndinamuuza kuti wachita bwino. Ophunzira sitinawauze kanthu."

Ida anabwereranso m'kati yekha. Anayang'ana khola lopanda kanthu lija: linali lotsekedwa bwinobwino, kachitsulo kake kali pamalo pake. Botolo la madzi la kholalo kunalibe. Mu bini ya pakhomo munali magolovesi ovulidwa chotembenuza, limodzi m'kati mwa linzake, pamodzi ndi timapulasitiki ta kunsapato. Anaitana Hussain, ndipo mkuluyo analumbira kuti iye anakhuthula biniyo asanachoke. Ida atayang'anitsitsa anaonanso kuti thumba la utuchi latsika, ndipo chakudya cha mbira chatapidwako.

Ida anaseka koyamba tsiku limenelo.

"A Dokotala, mbava zomwe ndikuzidziwa ine sizisamba m'manja. Uyu wavala gawuni, wavula magolovesi mwaluso, watseka khola, watengera nyamazo madzi ndi pogona. Wakuba wanu wakhoza mayeso."

"Ndiye kuti..."

"Ndiye kuti si bambo awa. Iwo ankadziwa zomwe zinali pa shelefuyi, poti anaikapo okha. Wakubayo ankaona ngati akutenga zophunzirira."

Hussain anavula kachipewa, napukuta nako nkhope, nakavalanso. "Alhamdulillah," anatero chapansipansi, ndipo mapewa ake anatsika ngati watula thumba la makala. Sheila anamugwira dzanja, koma chimwemwe chake chinali cha theka, chifukwa otsala onse anali ana ake a m'kalasi.

* * *

Ida anawaitana mmodzimmodzi mu kaofesi ka Sheila. Woyamba anali Dokotala Albert Naphiyo, bambo wa tayi ndi fungo la perefyumu lofika munthu asanafike.

"Siriyasi, a Sajeni? Ine ndi madigiri anga atatu ndikabe mbira? Wikendi yonse ndinali ku Zomba ku ukwati wa mlamu wanga, ndinali emusii. Taonani." Anatulutsa foni, ndipo Ida anaonera bamboyo akuvina ndi maikolofoni m'manja, thukuta lili kamukamu. "Ndiponso ine tinyama timeneti ndimangotigwira chifukwa cha setifiketi. Afunseni a Kandaya, akuti ndimanyamula mbira ngati mbatata yootcha."

Wachiwiri anali Lubna, mtsikana wa mpango wobiriwira, wolankhula mothamanga ngati minibasi yolimbirana pasenjala.

"Ine dzulo tsiku lonse ndinali mu shopu ya adadi ku Limbe, makasitomala onse ndi mboni. Koma anti, Lachisanu kunali dirama m'kalasi. A Dokotala ankatiphunzitsa kuti kosi ikatha, mbira zophunzirira zimabayidwa jakisoni woti zife mosamva ululu, kenako zimawotchedwa, chifukwa lamulo ndi loti nyama ya mu labu situluka pageti, yamoyo kapena yakufa. Mnzathu Duncan anakwiya! Akuti nyama yabwinobwino muiwotche pomwe anthu kwathu akudyera mchere? Koma musamuganizire zoipa, inenso mumtima ndinagwirizana naye. Ndipo ndi amene amakhoza kuposa tonse."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Komabe Ida ankadziwa kuti mkangano wa m'kalasi si umboni.

Duncan Sambani analowa mwaulemu, mnyamata wamtali wowonda, nakhala kumphepete kwa mpando. Anati dzulo anapita ku tchalitchi ku Chilomoni komwe amakhala, kenako anakachapa zovala, basi. Mawu ake anali osagwedezeka. Chomwe chinkagwedezeka ndi phazi lake, lomwe linkangokanda kakolo wa mwendo winawo pansi pa tebulo.

Ida anagwetsa cholembera dala, nawerama kuti atole. Pamwamba pa sokosi ya mnyamatayo panali timabala tofiira tokwera chakumtunda.

"Chakulumani n'chiyani, a Sambani?"

"Udzudzu, mayi. Ku Chilomoni wachuluka."

"Udzudzu wa ku Chilomoni umayambira m'sokosi n'kumakwera mwendo?"

Likanakhala tsiku lina, Ida akanamuzungulira pang'onopang'ono mpaka atadzikola yekha, poti imeneyo ndiyo mbali ya ntchito yomwe ankaikonda. Koma lero penapake poto anali pamoto.

"Tamverani, achimwene. Ine za wakuba ndilibe nazo changu. Linthumbu lomwe linakulumani pakhomo paja linachititsa kuti makhola asinthidwe m'mawa wake. Mbira zomwe zinali pa shelefu ya pakhomo dzulo masana si zophunzirira. Ndi zija akuzibaya mankhwala a khansa."

Duncan anaimirira mpaka mpando kugwa. Milomo yake inachita mbuu.

"Angela," anatero. "Mlongo wanga. Ali ndi pakati."

* * *

Anakwera galimoto ya Sheila, Ida kutsogolo, Duncan kumbuyo akuimbira foni ya amayi ake mobwerezabwereza. Inali yothima. Nkhani yonse anaifotokoza ali m'njira, mawu akudukaduka. Mwamuna wa Angela ankagwira ntchito ku Joni, choncho Angela ankadikirira nthawi yake kwa amayi awo ku Ndirande. Ku sikelo anamuuza kuti magazi ndi ochepa. Amayi awo, aNankhoma, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mankhwala a kuchepa magazi ndi msuzi wa mbira.

"Ndinatenga yamphongo imodzi ndi zazikazi zitatu kuti ziswane, azidya ana ake," Duncan anatero. "Ndinawauza amayi kuti asazikhudze. Nyama yatsopano imayamba yakhala payokha mpaka izolowere malo, monga munatiphunzitsira, a Dokotala."

"Zimenezo unamva," Sheila anayankha mano ali gwa, maso ali pamsewu. "Za pageti ndiye sunamve."

"Amayi anuwo amamvera zonena zanu?" Ida anafunsa.

Duncan anangoimbanso foni ija.

Pa msika wa Ndirande msewu unali utatsekeka monga mwa masiku onse: maminibasi ataima pakati, makabaza akuphapatiza, wina akukankha wilibala ya zitsulo mosalabadira hutala. Ida anatsitsa galasi n'kukalipa, ndipo yunifolomu inatsegula kanjira. Chakumtunda mvula inali itakumba msewu, moti galimoto anaisiya pa chigayo n'kuyamba kukwera wapansi, akudumpha ngalande, Sheila akupumira m'mwamba kumbuyo.

Nyumbayo inali ya malata, pakhonde pali tebulo la tomato. Pamthunzi wa mtengo wa mapeyala panali katoni yaikulu yoboola timabowo, pansi pake atayala utuchi, botolo la madzi atalimangirira ndi waya. Ida atamva kulira kwa mbira m'katonimo, mtima wake unayamba kukhala m'malo. Sheila anagwada n'kutsegula.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu." Anapalasa utuchi ndi dzanja, nayang'ananso m'makona. "Zitatu."

"Odi kumeneko! Mukufuna chiyani m'katoni mwa eni?" Anatulukira mayi wathupi, chitenje atamanga pachifuwa, m'manja muli thovu la sopo. "Iwe Duncan, apolisi awa ndi a chiyani?"

"Amayi, yachinayi ili kuti?"

"Yachinayi? Ndinaphikatu dzulo madzulo. Iwe ukuti tidikire ziswane, ziswana liti mwana wanga akuyera m'maso chonchi? Ndinasankha yonenepa, ndinaiwawula bwinobwino, tomato wanga yemwe."

"Anadya ndani, mayi?" Ida anafunsa.

"Angela yekha. Mankhwala sagawana."

"Inu simunalawe pophika?"

"Ndilawe chiyani chopanda mchere? A kuchipatala anamuletsa mchere chifukwa cha kutupa miyendo. Zam'kati ndinakwirira, agalu a kuno ndi akuba. Koma anadya mwana wanga, mbale inabwera yoyera. Taonani lero, nkhope yayamba kale kuwala!"

* * *

Angela anali ataima pakhomo, dzanja limodzi lili pa chitseko, mimba ili patsogolo. Sheila anafotokoza mwachidule zomwe zinali m'thupi la mbirayo, ndipo anati mtsikanayo anyamulidwe nthawi yomweyo kupita kuchipatala. Duncan anagwada m'matope n'kuyamba kulira ngati mwana. ANankhoma anatenga kanthawi kuti amvetse, koma atamvetsa anakhala pansi mwadzidzidzi, manja kumutu.

"Mayo ine! Ndapha mdzukulu wanga ndi manja angawa! Ndinachita kumukakamiza ine, ndinachita kumuimirira pakhomo!"

Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Mu chipwirikiti chonsecho, Ida yekha ndi amene ankayang'ana Angela. Pa ntchito yake anaonapo amayi oyembekezera ambiri akulandira uthenga woopsa, ndipo onse dzanja linkathamangira pamimba mwini wake asanaganize. La Angela linali likadali pa chitseko. Mantha anali nawo ndithu, koma maso ake sanali pa dokotala, anali pa amayi ake.

"Tabwera kuno, mwana wanga, ndikuthandize kuvala," Ida anatero, namugwira mkono n'kupita naye kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa la maudzu. Atafika anatsitsa mawu. "Mbira ija inakoma?"

Angela anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa chifukwa akakufikitsa kuchipatala akupatsa mankhwala amphamvu. Ngati pali choti unene, nena pano."

"Sindinadye, anti," ananong'ona. "Chonde musawauze amayi."

"Inapita kuti?"

Mtsikanayo analoza chimbudzi ndi mlomo. "Amuna anga ndi a Sabata, inenso ndinabatizidwa komweko. Ife mbira sitidya. Nditawauza amayi poyamba analira tsiku lonse, akuti kodi tchalitchi ndi chomwe chidzandiberekere mwana? Ndiye ndimangolandira, ndimawauza kuti ndikadyera kuchipinda chifukwa cha nseru. Akatembenuka ndimatulukira khomo la kuseri."

"Msuzi?"

"Wonse. Ngakhale chala sindinaviikemo. Mbale ndinatsuka ndi sopo. Ine ndikumwa mapilitsi a ku sikelo aja, ndi bonongwe."

Ida anatsamira chipupa. Anamva chisangalalo chotentha chikukwera pachifuwa mpaka m'maso. Anafuna kumukumbatira mtsikanayo, anafunanso kumutsina khutu. Anachita zonse ziwiri.

"Tamvera kulira kuli kutsogoloko," anatero. "Mayi ako akulira maliro a mdzukulu wamoyo. Ine bodza lako sindingakusungire. Koma ndi bwino alimve kuchokera pakamwa pako."

* * *

Angela ananena ataima pakati pa bwalo, maso ali pa zala za kumapazi. Atamaliza, zinkangomveka ndi mbira zitatu zija zikutafuna m'katoni.

Sheila anakhala pakhonde pafupi ndi tomato, navula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Atadzuka anafunsa Angela mafunso omwe Ida anamufunsa aja, mmodzimmodzi, ndipo atakhutira anati apitebe ku sikelo mawa lake kuti mitima ya onse ikhale pansi. Kenako anatembenukira kwa Duncan, yemwe anali akadagwada, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Dzuka. Mawa ukaonekera ku komiti ya chilango ya kuntchito, ndipo ine sindikakuikira kumbuyo. Ukakhala ndi mwayi, kosi uyambiranso pa tsamba loyamba. Kumba pomwe anakwirira zam'katizo, zonse tibwerera nazo. Kenako unyamule katoniyo."

"Ndipo ukatero udzera ku ofesi kwanga," Ida anawonjezera, koma ukali unali utamuthawa m'mawu.

ANankhoma anadzuka pang'onopang'ono, nasasa matope pa chitenje, n'kuyenda mpaka pomwe panaima mwana wawo. Anthu a pampanda anatalikitsa makosi.

"Nanga ziwiri zija ndinakapempha kwa aNaphiri mwezi watha?"

"Nazonso, amayi."

"M'chimbudzi?"

"Eya, amayi."

"Ine kumayenda mudzi wonse uno kumanena kuti mbira zanga zikugwira ntchito!"

Dzanja la aNankhoma linakwera m'mwamba, ndipo Ida anasuntha phazi kuti alowe pakati. Koma dzanjalo linatsika mofatsa n'kukatera pamimba pa Angela. Linakhala pomwepo. Linzake linabweranso, ndipo mayiyo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi ya a neba.

Kenako nkhope yawo inamasuka, misozi n'kuyamba kutsikira m'makwinya.

"Wandimenya," anatero. "Wandimenya theche! Wamwano ngati mayi ake."